Bere la ng'ombe likamatupa mobwerezabwereza, muyang'anenso m'chifu

Funso: Ndili ndi ng'ombe imodzi ya mkaka, yosakanizika ndi mtundu wa Friesian, imene inabereka mu Ogasiti. Kuyambira mu Okutobala, mbali yakumbuyo ya bere lake yatupa katatu, mkaka umatuluka ndi timibulu, ndipo kumalo osonkhetsera mkaka andibweza kawiri. Ndikagula mankhwala imachira, koma pakapita masabata awiri kapena atatu zimayambiranso. Khola ndimasesa tsiku lililonse ndipo bere ndimatsuka ndi madzi ofunda. Nsenjere itayamba kusowa ndinawonjezera madeya, moti tsopano imadya ndowa yodzaza m'mawa uliwonse. Mlangizi wa ziweto atabwera anataya nthawi yambiri pa ndowe kusiyana ndi pa bere, nkunena kuti vuto lingakhale m'mimba. Kodi za m'mimba zikugwirizana bwanji ndi bere? Ndine mlimi wa ku Kamwendo, Mchinji.

Yankho: Bambo, mlangizi wanuyo sanasokere poyang'ana ndowe, ndipo ine ndikanabwera kwanuko ndikanayambira pomwepo. Matenda otupitsa bere, amene alangizi amawatchula kuti mastitis, nthawi zambiri amayamba tizilombo tikalowa kudzera pa kabowo ka kunsonga ya bere, ndipo zimenezi palibe amene akutsutsa. Koma tizilombo timeneti timapezeka m'khola lililonse, ngakhale losesedwa bwino ngati lanu, ndipo si ng'ombe iliyonse imene imadwala nato. Chimene chimasiyanitsa ng'ombe yopirira ndi yogonja msanga, mbali ina, ndi zimene zikuchitika m'chifu mwake, ndipo mu nkhani yanu ndikuganiza kuti ndowa ya madeya ija ndi kutupa kwa bere zinayamba nthawi imodzi.

Amene anaonapo ng'ombe ikusendedwa tsiku la msika akudziwa kukula kwa chifu, thumba lija limene mkati mwake mumaoneka ngati thaulo. Mimba ya ng'ombe ili ndi zigawo zinayi, ndipo chifu ndicho chachikulu koposa. Pa ng'ombe yaikulu ya mkaka chimatha kusunga malita oposa 100 a chakudya ndi madzi. Ng'ombe payokha siingathe kugaya udzu. Ntchito imeneyi amaigwirira ndi mabakiteriya ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso timene timakhala m'chifumo miyandamiyanda, ndipo pogaya udzuwo timatulutsa mitundu itatu ya asidi wofunika imene ng'ombe imayamwa kudzera pa khoma la chifu, nkupezamo mbali yaikulu ya mphamvu zake. Asidi woyamba, wotchedwa acetate, ndi amene bere limapangira mafuta a mumkaka. Wachiwiri, propionate, chiwindi chimamusandutsa shuga. Wachitatu, butyrate, amadyetsa khoma la chifu lenilenilo kuti likhale lolimba, ndipo ameneyu mumukumbukire chifukwa tibwereranso kwa iye. Choncho mukamathira chakudya m'chodyera, amene mukuwadyetsa poyamba ndi mabakiteriyawa, ng'ombe imadya zimene iwo apanga.

Mabakiteriya a m'chifu si amtundu umodzi. Alipo ogaya udzu ndi mapesi, monga Fibrobacter ndi Ruminococcus, amene amagwira ntchito pang'onopang'ono ndipo sapirira m'chifu mukawawasa. Alipo ena okonda ufa wa chimanga, monga Streptococcus bovis, amene amaswana mofulumira kwambiri akapeza chakudya chawo, ndipo amatulutsa asidi wamphamvu wofanana ndi amene amawawasitsa chambiko. Aliponso ena, monga Megasphaera elsdenii, amene ntchito yawo ndi kudya asidi wamphamvuyo asanachuluke. Magulu amenewa akamalingana mphamvu, muyeso wa kuwawasa, umene umatchedwa pH, umakhala pakati pa 6 ndi 7, ndipo kuwawasa kukamachuluka muyesowu umatsika. Chimene chimathandiza kwambiri kuti muyesowu usatsike ndi malovu. Ng'ombe yodya udzu wokwanira imabzikula pafupifupi maola 8 pa tsiku, ndipo imameza malovu oposa malita 100, amene ali ndi mchere wofanana ndi soda wophikira therere, wozimitsa asidi. Ng'ombe imabzikula kokha pamene m'chifu muli udzu wautali wokanda khoma. Madeya sabzikulidwa, amangomezedwa.

Tsopano taganizirani zimene zimachitika m'mawa mukathira ndowa ija. Mukatapa madeya a kuchigayo nkuwafikisa m'manja, muona kuti dzanja latsala loyera ndi ufa, ndipo muli tizidutswa tambiri ta chimanga. Kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi chigayo ndi mmene chimangacho chinakonoledwera, kotero madeya a sabata ino sangafanane mphamvu ndi a sabata yatha. Ndowa ya malita 20 yodzaza imapitirira makilogalamu 5, ndipo ng'ombe imene yagona ndi njala imamaliza zonsezo m'kanthawi kochepa, m'chifu mulibe udzu wokwanira. Mabakiteriya okonda ufa amachulukana nthawi yomweyo, asidi amachuluka kuposa mmene khoma lingayamwire, malovu ndi ochepa chifukwa ng'ombe sikubzikula, ndipo pH imatsika. Ikamakhala pansi pa 5.6 kwa maola atatu kapena kuposerapo tsiku ndi tsiku, madokotala a ziweto amati ng'ombeyo ili ndi vuto la kuwawasa kwa m'chifu kobisika. Amati kobisika chifukwa ng'ombe siigwa, imayenda ndi kudya ndithu, ndipo pofika madzulo m'chifu mumakhala mutabwererako mwakale, koma mawa lake zomwezo zimachitikanso.

M'maola owawasawo mabakiteriya ogaya udzu amafooka, ndipo ambiri a gulu limene akatswiri amalitcha Gram-negative amafa nkusweka. Pa chikopa cha mabakiteriya a gulu limeneli pali chinthu chotchedwa LPS, chimene chikamasuka chimakhala poizoni m'thupi la nyama. M'chifu cha ng'ombe yathanzi LPS amakhalamo ndithu, koma khoma lolimba limamutsekera momwemo. Vuto ndi lakuti asidi yemweyo amene akupha mabakiteriya akuwaulanso khoma, ndipo ufa umene wadutsa osagayidwa umakawira m'matumbo akulu, amene khoma lake ndi lopyapyala kuposa la chifu, nkuwononganso kumeneko. Poizoni amachuluka pa nthawi imene mpanda womutsekera wayamba kubooka, ndipo amadutsa nkulowa m'magazi opita ku chiwindi. Chiwindi chimasefa wambiri, koma zikamachitika tsiku lililonse kwa masabata angapo, thupi lonse limakhala ngati lili pa nkhondo yosatha: maselo oteteza thupi amakhala otanganidwa ndi otopa, ndipo mphamvu zimene zikanapita ku mkaka zimathera kumeneko.

Bere limakhudzidwa kwambiri ndi zimenezi pa chifukwa chimene alimi ambiri sachiganizira. Kuti lipange lita imodzi ya mkaka, m'bere muyenera kudutsa malita 400 mpaka 500 a magazi, kutanthauza kuti ng'ombe yopereka malita 10 pa tsiku imadutsitsa malita oposa 4,000 m'bere mwake. Chilichonse chimene chili m'magazi chimafika kumeneko mobwerezabwereza. M'kati mwa bere, mkaka umapangidwa m'timatumba ting'onoting'ono tozunguliridwa ndi maselo ogwirana kwambiri, ngati njerwa zomangidwa ndi simenti, ndipo kugwirana kumeneku ndi kumene kumalekanitsa magazi ndi mkaka. LPS ndi zinthu zimene thupi limatulutsa polimbana naye zimafooketsa simentiyo. Mpanda ukayamba kuchucha, mchere wa m'magazi ndi maselo oyera oteteza thupi amalowa mumkaka, ndipo n'chifukwa chake mkaka wa mbali yodwala umamveka mchere mukaulawa ndipo umatha kugwirana akauyesa ndi sipiriti kumalo osonkhetsera, ngakhale mwaukama m'mawa womwewo. Mkaka wa bere labwino umakhala ndi maselo osapitirira 200,000 pa mililita imodzi. Akapitirira pamenepo, ndiye kuti bere likulimbana ndi chinachake ngakhale lisanatupe. Bere lotere, tizilombo tochepa tolowera kunsonga, timene ng'ombe yathanzi ikanatigonjetsa m'maola ochepa, timapeza malo nkukhazikika.

Palinso njira yachiwiri, yosafuna kufotokoza kwambiri. Ng'ombe imene m'chifu mwake mwawawasa imatulutsa ndowe zamadzimadzi, ndipo ndowe zoterezi zimathovukira ku miyendo, zimamatirira kumchira, mchira nkumazipaka kubere, makamaka mbali zakumbuyo. Mu ndowe muli E. coli ndi anzake, amene ali m'gulu la tizilombo todziwika bwino totupitsa bere. Mutha kusesa khola m'mawa, koma ng'ombe yotsekula m'mimba imalidetsanso musanafike kumunda.

Mwina mufunsa ngati zimenezi zinatsimikizidwa kapena ndi maganizo chabe. M'chaka cha 2018 ofufuza a ku China anatenga ndowe za ng'ombe zodwala bere ndi za ng'ombe zathanzi nkuziika m'matumbo mwa mbewa zoleredwa mwapadera, zopanda bakiteriya aliyense m'thupi. Mbewa zimene zinalandira tizilombo ta ng'ombe zodwala zinatupa mabere, komanso zinaonetsa kutupa m'ziwalo zina, pamene zinzake sizinatero. Gulu lina la pa yunivesite ya Jilin linaonetsa mu 2020 kuti mbewa zimene mabakiteriya a m'matumbo mwake anaphedwa ndi mankhwala zinkadwala bere kwambiri zikalowedwa ndi kachilombo kotupitsa bere kotchedwa Staphylococcus aureus, ndipo kuti kuzipatsa butyrate uja ndi propionate kunkachepetsa matendawo. Kenako mu 2022 gulu lomweli linafalitsa zotsatira za ng'ombe zenizeni zodyetsedwa chakudya chaufa chambiri, zimene LPS anakwera m'chifu ndi m'magazi, maselo a mumkaka nawonso nkukwera. Mmene ine ndimaonera, umboni wakuti chifu chosokonekera chimafooketsa bere ndi wamphamvu mokwanira kuti mlimi asinthe kadyetsedwe. Koma mbewa si ng'ombe, ndipo ndingakhale ndikukunamizani nditanena kuti kukonza chakudya pakokha kuchotsa tizilombo timene takhazikika kale m'bere.

Apa mpamene nkhani yanu ikundidetsa nkhawa. Mbali imodzimodzi ikatupa katatu, kawirikawiri sikuti ng'ombe yatenga matenda atsopano katatu, koma kuti oyamba aja sanathe. Staphylococcus aureus ndiye katswiri wa zimenezi: amabisala m'timafinya tozunguliridwa ndi zipsera m'kati mwa bere, ngakhalenso m'kati mwa maselo oyera enieniwo, kumene mankhwala safika bwino, ndipo mankhwala akatha amatulukanso pamene thupi lafooka. Chimene ndingakulangizeni ndi kupempha mlangizi kuti atenge mkaka wa mbali imeneyo mu kabotolo koyera, musanathire mankhwala ena, nkuutumiza kukayezedwa ku labotale ya ziweto ya boma ku Lilongwe, kuti mudziwe kachilombo kake ndi mankhwala amene angakaphe. Kugula jakisoni mongoyerekeza nthawi iliyonse bere likatupa kumatha ndalama, kumakutayitsani mkaka wa masiku onse amene alembedwa pa botolo kuti musagulitse kapena kumwa, ndipo kumazoloweretsa tizilombo mankhwala. Choopsa kwambiri, chimene ndachionapo kwa alimi angapo, ndi kusungunula mankhwala a ufa a nkhuku m'madzi nkumwetsa ng'ombe yaikulu. Mankhwala opha mabakiteriya akalowera pakamwa amagwera m'chifu momwemo, nkupha ogaya udzu aja, kotero mumakhala mukukulitsa vuto limene mukufuna kuthetsa.

Musanasinthe chilichonse, tsimikizani nokha zimene mlangizi anaona. Ndowe za ng'ombe ya mkaka yodya bwino zimagwa nkuunjikana ngati phala lolimbirapo, zokhala ndi kadzenje pakati. Za ng'ombe yowawasa m'chifu zimamwazika, zimakhala zotuwira kapena zachikasu, zimanunkha mowawasa, ndipo mukaziyang'anitsitsa muona tithovu ting'onoting'ono, nthawi zina ndi tizingwe tonanda ngati mamina. Tsiku lina zimalimba, lina zimasungunuka. Tapani pang'ono m'sefa yakale, mutsukuluze ndi madzi: mukapeza tizidutswa ta chimanga ndi timapesi tatitali tosagayidwa, ndiye kuti chakudya chikudutsa mofulumira osagwiritsidwa ntchito. Masana ng'ombe ikagona, khalani pafupi muwerenge kuti imatafuna kangati kuchokera pamene yabweza chakudya kukamwa kufikira pamene yameza. Yathanzi imatafuna ka 50 mpaka 70, ndipo ikamameza isanafike ka 40, kapena ikamangogona osabzikula, udzu ukuchepa. Muthanso kukanikiza chibakera pa kadzenje ka kumanzere, kuseri kwa nthiti yomaliza, ndipo mumva chifu chikukankha dzanja lanu kamodzi kapena kawiri pa mphindi iliyonse ngati chikugwira bwino. Zizindikiro zina ndi kuchepa kwa mafuta pamwamba pa mkaka wowiritsa, kudya bwino lero mawa nkusiya chakudya, ndi kuponda mosamala ngati ziboda zikupweteka, pakuti kuwawasa komweku kumakhudzanso ziboda.

Kukonza kwake kumayambira pa dongosolo la m'mawa. Udzu kapena mapesi ziziyamba, madeya azibwera pambuyo, ng'ombe itadya kale kwa theka la ola kapena kuposerapo. Madeya a tsiku muwagawe kawiri kapena katatu, ndipo pa nthawi imodzi asapitirire makilogalamu 2 kapena 3. Gulani kasikelo kapena muyeze kamodzi ndi sikelo ya wogula mbewu kuti mudziwe kuti mbale yanu imalemera bwanji. Musachotse ndowa yonse tsiku limodzi, chifukwa mabakiteriya amafuna masabata awiri kapena atatu kuti azolowere chakudya chatsopano, ndipo kusintha kwadzidzidzi kulikonse, ngakhale kopita ku chakudya chabwino, kumawasokoneza. Theka la chakudya chonse, poyerekeza chitauma, lizikhala la udzu ndi zotsalira za m'munda. Ku Mchinji kwanuko muli ndi mwayi umene alimi a madera ena alibe: zotsalira za mtedza ndi za soya zimene ambiri amazisiya m'munda kapena kuziotcha ndi chakudya chabwino kwambiri cha ng'ombe zikaumitsidwa ndi kusungidwa pamthunzi, pamwamba posafika chinyontho, ndipo zili ndi zomanga thupi zambiri kuposa mapesi a chimanga. Mapesi ndi nsenjere muzidula zidutswa zotalika ngati chala. Mukaziphwanya kukhala ngati utuchi sizikandanso chifu ndipo ng'ombe siibzikula. Masamba a lukina amathandiza, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya. Madzi azikhala pafupi usana ndi usiku, pakuti ng'ombe yokamidwa nyengo yotentha imatha malita oposa 60 pa tsiku. Soda wosakaniza m'madeya amathandiza kuzimitsa asidi pa masabata oyamba, koma muyeso wake akuuzeni mlangizi malinga ndi kukula kwa ng'ombe, ndipo musamutenge ngati cholowa m'malo mwa udzu.

Madeya onunkha chuku kapena ogwirana mibulu muwataye, ngakhale mwawagula motchipa. Poizoni wa chuku amawononga chiwindi, chimene tanena kuti ndicho sefa ya LPS, ndipo mtundu wina, aflatoxin, umadutsa mpaka mumkaka umene ana anu amamwa.

Mvula ikayamba mu Disembala musaganize kuti vuto latha chifukwa msipu wabwerera. Udzu wanthete uli ndi madzi ambiri ndi ulusi wochepa, umagayika mofulumira, ndipo ukakumana ndi madeya ambiri kuwawasa kumapitirira, pa nthawi yomwe khola ladzaza matope. M'masabata oyamba amenewo pitirizani kupereka mapesi kapena udzu wouma pang'ono m'mawa, ndipo nsenjere yanthete muziifotetsa kaye musanaipereke. Nyengo ya mvula yomweyo ndi imene muyenera kumweta ndi kusunga udzu wa Okutobala wamawa, kuti musadzadalirenso chigayo.

Ena amafunsa ngati kumwetsa ng'ombe chambiko kapena yogati kungabwezeretse mabakiteriya abwino. Mabakiteriya a mu chambiko ndi opanga asidi wowawasa yemweyo amene wachuluka kale, kotero sindikuona phindu lake pa ng'ombe yaikulu. Chimene madokotala a ziweto akhala akuchita kuyambira kale ndi kutenga madzi a m'chifu cha ng'ombe yathanzi nkumwetsa yodwala, ndipo pa ng'ombe imene yasiyiratu kubzikula zimathandiza, koma ndi ntchito ya dokotala, chifukwa ng'ombe yooneka yathanzi itha kukhala ndi chifuwa chachikulu kapena matenda ena opatsirana.

Za kunsonga ya bere musazisiye pamene mukukonza za m'chifu. Kutsuka ndi madzi ofunda nkwabwino, koma bere lonyowa likakamidwa, madzi akuda amatsetserekera kunsonga, choncho muzilipukuta ndi kansalu koyera kochapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa tsiku lililonse. Madontho oyamba a nsonga iliyonse muzikamira m'kapu yakuda mkati kuti timibulu tioneke msanga, mbali yodwala muziikama pomaliza nkusamba m'manja, ndipo mukatha kukama muviike nsonga zonse m'mankhwala ake a ayodini. Kabowo ka kunsonga kamakhala kotseguka kwa mphindi zosachepera 30 mukatha kukama, kotero muike udzu m'chodyera nthawi imeneyo kuti ng'ombe ikhale chiimire m'malo mogona pa ndowe. Mwanjira imeneyi udzu womwewo ukuteteza chifu ndi nsonga nthawi imodzi. Ngati tsiku lina bere litatupa mwadzidzidzi nkutentha, mkaka nkusanduka madzi achikasu kapena amagazi, ng'ombe nkusiya kudya, kutentha kwa thupi nkupitirira madigiri 39.5, kapena nsonga nkuyamba kuzizira ndi kuda, musadikire mawa: itanani dokotala tsiku lomwelo, chifukwa mtundu umenewu umapha.

Mukayamba kusintha, mkaka utha kutsika pang'ono m'masiku oyamba, ndipo pamenepa mpamene alimi ambiri amabwerera ku ndowa yodzaza. Pirirani, muziyang'ana ndowe ndi kubzikula m'malo moyang'ana malita okha. Zimenezi zimasintha m'sabata imodzi kapena awiri, pamene khoma la chifu limafuna masabata angapo kuti lipole. Pemphani mlangizi aziyeza mbali zonse zinayi ndi kambale koyezera matenda a bere kotchedwa CMT (mkaka wa mbali yodwala umagwirana akausakaniza ndi mankhwala ake) kamodzi pa masabata awiri, mulembe zotsatira m'kope limodzi ndi muyeso wa madeya a tsiku limenelo. Ngati patatha miyezi iwiri mbali zitatuzo zayera koma yakumbuyo ija ikugwiranabe, ndipo labotale yapeza Staphylococcus aureus, mukambirane ndi dokotala za kuithira mankhwala okhalitsa pa nthawi youmitsa ng'ombe, ndiko kuti yosiya kuikama, miyezi iwiri isanabereke, kapena kuiumitsiratu mbali imeneyo kuti isapatsire zinzake, pakuti ng'ombe yokamidwa nsonga zitatu imaperekabe mkaka wambiri wolandiridwa kumalo osonkhetsera.